Kanyenyezi Kofiira pa Funso Lachitatu

Ntchito yanga yoyamba ya mu ofesi ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinkagulitsa machaja ndi makava a foni pamsika wa Karonga, ndipo tsiku lina kunabwera mayi wina wovala bwino kudzagula chaja. Tinanenerera mtengo mpaka thukuta. Pochoka anati, "Munthu wokakamira chonchi ndikumufuna. Kompyuta mumaidziwa?" Ndinati ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Zoona zake, ndinkadziwa poyatsira.

Mayiwo, amene tonse tinkawatchula kuti Madamu, ankayendetsa kabungwe kothandiza amayi oyanika usipa ku Ngara ndi ku Sangilo. Chaka chimenecho kanali kugawa matenti apulasitiki oumitsira nsomba, kuti usipa usamaole nthawi ya dzinja. Wofuna tenti ankalembetsa pa fomu ya pa intaneti, ndipo fomuyo anandipatsa ine kuti ndikonze.

Si ntchito yovuta kuiphunzira. Pa laputopu umakoka kabokosi, n'kulemba funso pamwamba pake, n'kusankha ngati yankho likhale lolemba, losankha pamndandanda, kapena chithunzi. Ukafuna kuti funso lisadumphidwe, umaliika kanyenyezi kofiira. Likakhala ndi kanyenyezi, batani lopitira patsogolo siligwira mpaka munthu atayankha.

Mafunso anachokera ku Lilongwe, kwa opereka thandizo, ali ndandanda ngati sitima. Apa ndiye ndinaonetsa luso langa la kumsika. "Madamu, mtundu wa denga la nyumba ukukhudzana bwanji ndi usipa? Tichotseko, ndikusiyirani la chimbudzi." Tinatsitsana mpaka fomu inafupika. Ndinaigawa masamba ang'onoang'ono, mawu ndinaika achidule, mabatani akuluakulu oti chala chonyowa chisaphonye. Ndinadzitama. Kenako a ku Lilongwe anaivomereza n'kuikiya ndi pasiwedi yawo.

Linki itazungulira m'mafoni, laputopu inkationetsa pamene anthu akulekera. Ambiri a ku Ngara ankayankha dzina lawo ndi mudzi, n'kuthera pa funso lachitatu: dzina la mutu wa pakhomo pamene mukukhala. Ine ndinati ndi netiweki. Ku Karonga chilichonse chikakanika timanamizira netiweki, ndipo nthawi zambiri timakhoza.

Tsiku lotseka kalembera, Madamu ananditumiza ku Ngara ndi foni ya ku ofesi kuti ndikathandize otsalira. Kumwamba kunali kutada kale. Woyamba kukhala pabenchi pafupi nane anali Mayi Tusekile, amene usipa wawo unali mbwee pamchenga chifukwa analibe ngakhale thandala loyanikapo. Mvula ya sabata yapitayo inali itawaoletsera wina. Tinapatsana moni, dzina ananena, mudzi ananena.

"Mutu wa pakhomo ndani, mama?"

Anayang'ana pansi. "Ndi akuluakulu."

"Eya, dzina lawo?"

"Bambo a amuna anga."

"Ndamva, koma foniyi ikufuna dzina."

Amayi ena amene anali pamzere anaseka mobisa nkhope m'zitenje. Mmodzi anati, "Achimwene, inu ndi obwera eti? Mkazi wa Chinkhonde atchule apongozi ake aamuna? Mukufuna akagone kuti lero?"

Ine wobadwira ku Mangochi, zaka zonsezi ndikugulitsa machaja kwa anthu omwewa, mwambo umenewu ndinkaumva ngati nkhani yocheza. Sindinaganizepo kuti ungakumane ndi kanyenyezi kanga. Amuna a Mayi Tusekile anali ku Joni, iwo ankakhala pakhomo pa apongozi. Ambiri pamzerewo analinso chimodzimodzi, ena okwatiwa kubanja lomwelo.

Ndinayamba kunenerera, poti ndi zomwe ndimatha. "Chabwino, musatchule. Lembani nokha, ine ndiyang'ana kunyanja."

"Dzanjali ndi la ndani?" anandifunsa.

"Ndiye chilembo choyamba chokha, chotsalacho ndilota."

"Baba, lekani. Si tomato uyu."

Kulemba zabodza sikukanathandiza, chifukwa mayina ankakawafananiza ndi kaundula wa mudzi, ndipo osagwirizana ankawataya. Ndinaimbira Madamu kuti tichotse kanyenyezi pa funsolo. "Pasiwedi ili ku Lilongwe," anatero. "Ndawaimbira, ali mumsonkhano. Chitani zomwe mungathe." Zomwe ndikanatha zinali kuthamanga kukafuna mwamuna woti anditchulire dzinalo. Amuna ambiri anali m'tulo atachezera panyanja, koma ndinapeza mkulu wina akusoka ukonde kuseri kwa mabwato. Dzinalo ananditchulira mosavuta, n'kundiseka pamwamba.

Pobwerera ndinapeza fomu yadzitseka chifukwa chokhalitsa osaigwira, mayankho onse afufutika. Tinayambiranso. Funso lachitatu ndinalemba ndekha, sikirini nditaitembenuzira kumbali. Tinafika mpaka tsamba lomaliza, pofunika chithunzi cha munthu atagwira chiphaso chake cha unzika. Pomwepo madontho anayamba.

Mayi Tusekile anadzambatuka. Ndinawakuwira kuti chatsala chithunzi chokha, koma munthu amene chakudya cha ana ake chikunyowa pamchenga sungamuuze kuti aime mowongoka ayang'ane kamera. Mzere wonse unabalalika ndi mabeseni. Ndinatsala ndekha pansi pa khonde la golosale, foni m'manja, kanthu kozungulira ka pasikirini kakungozungulira. Mvula itakata, netiweki inali itapita nayo. Inabwerera madzulo, fomu italemba kuti kalembera watsekedwa.

Ndinachonderera a ku Lilongwe m'mawa mwake. Anayankha mwaulemu kuti mndandanda wapita kale, otsalawo adzaganiziridwa ulendo wina. Ulendo winawo sunabwere.

Mafomu ndikukonzabe mpaka lero, a masukulu, a mipingo, a magulu a alimi a mpunga. Ndisanaike kanyenyezi pa funso lililonse, ndimapita kwa anthu amene adzaliyankhe, n'kuwawerengera mokweza, n'kuyang'ana nkhope zawo. Pamene munthu wayang'ana pansi, pamenepo ndimachotsa kanyenyezi kapena kufunsa mwanjira ina. Kufupikitsa fomu n'kosavuta. Chovuta ndi kudziwa funso limene munthu sangayankhe ngakhale yankho akulidziwa.

Mayi Tusekile ndimakumana nawo ndikapita ku Ngara. Sanandikalipirepo. Amandipatsa moni mwaulemu wonse, kenako amayang'ana mitambo, n'kubwerera kukatembenuza usipa wawo pamchenga.