Mpunga wa Nilanthi pa geti

Edinah ndi mkazi wa ku Ntcheu, wa pakamwa posameza mawu. Koma kutsidya la nyanja ku Al Furjan, kumene ankalera ana a eni ake, anaphunzira kungoti "Chabwino madamu" mtima ukuwira.

Mnzake m'nyumbamo anali Nilanthi, mayi wachikulire wa ku Sri Lanka, wophika. Iye anali Mbuda. Kwawo, pa Vesak, tsiku lokumbukira Buda, munthu amaphika n'kudyetsa aliyense wodutsa pamsewu, osamufunsa dzina.

Chaka cha korona misewu inali zii. Odutsa anali amuna a ku misasa ya antchito ku Sonapur okha, otola zinyalala, ena malipiro atawadulira. Vesak itafika, Nilanthi anaphika mpunga wa gawo lake lomwe, ndi mphodza, n'kukaika pa geti, chophimba kukamwa chili pamalo pake, manja m'magulovesi.

Madamu anaona pa kamera. Amayi inu, phokoso lake! Eti wabweretsa matenda m'nyumba. Madamu omwewo amene ankalowetsa mobisa mtsikana wokonza zikhadabo! "Khalas, basi, Nilanthi, longedza!" Munthu wawaphikira kuyambira ana ali m'manja, n'kumutaya ngati chisanza, ndege kulibe, kopita kulibe.

Edinah anagwada kumupepesera Nilanthi, chinthu chimene sanachitepo m'nyumbamo. Madamu anangomuuza kuti akafuna atsatire mnzakeyo. Edinah anakumbuka ana ake awiri ku Ntcheu, n'kudzuka manyazi ali tho.

Anakapeza Nilanthi m'kachipinda, chikwama chomanga kale, manja ataphatikiza, akutchula mayina.

"Mukutani, amayi?"

"Ndikugawa madalitso a mpunga uja. Wopatsa sawasunga yekha."

Anatchula malemu amayi ake, amuna otola zinyalala, Edinah. Kenako anatchula madamu.

Edinah anachita kulumpha. "Ameneyo? Iyayi! Kwathu timati kupatsa n'kuika, koma inu mukuika m'dzenje la chimbudzi! Mfiti imeneyi ilandire chiyani?"

"Mphika unali wawo, mwanawe."

"Mphika! Nanga mugona mumphikamo?"

Nilanthi anaimirira. Ananyamula chikwama, n'kutuluka pa geti dzuwa likuswa mtengo, kukafuna pogona kwa anzake ku Al Rigga.

Edinah anatsala ndi ukali, misozi ili mbwembwembwe. Masana omwewo madamu anamuitana ali pa sofa.

"Edinah, yalla, fulumira, kuyambira lero wophika ndiwe. Ana akulirira mphodza ija ya Nilanthi. Unaonako m'mene amaphikira?"