Motoka ya Mkamwini pa Dambo la Kamwala

Amuna anga ndi a Evaristo Mbewe. Kwawo ndi ku Vubwi, kufupi ndi malire. Sukulu analekezera giredi naini, nayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Kenako anaphunzira injini za zigayo, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inawabweretsa kwathu kuno, kumwera kwa Sinda, kudzakonza chigayo cha tchalitchi. Anandipeza pamzere ndikudikira kugayitsa. Patatha chaka anamanga nyumba pamudzi pathu, nakhala mkamwini.

Ndi munthu wosachuluka mawu. Amayi anga, omwe ndi apongozi awo, anali asanawalankhulepo maso ndi maso chikwatirireni. Pabanja pathu mwambo umenewu tikadausunga: mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera m'njira amapatuka, sadyera nawo pamodzi, ndipo ngati pali mawu amadzera mwa mkazi wake. Kwa zaka zinayi mawu onse a anthu awiriwa ankadutsa pakamwa panga.

Chaka chimene mwana wathu Natasha anabadwa, a Mbewe anabwera ndi motoka. Inali ya ku Japan, yakale kuposa ineyo, yofiira koma yosuwa ndi dzuwa, ya zitseko ziwiri zokha. Inakhala zaka kuseri kwa galaja ina ku Katete, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake anaigulitsa motchipa poti panalibe mlimi amene ankaifuna. Matumba a fetereza siinyamula, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka moti tambala amachita kuwerama polowa pansi pake. A Mbewe anaikonza miyezi isanu ndi umodzi, madzulo aliwonse akaweruka kuchigayo. Tsiku limene inalira, agalu onse a m'mudzi anathawira kumunda.

Atsibweni anga a Lackson, mlongo wawo wa amayi, anaizungulira kawiri atagwira m'chiuno.

"A Mbewe, anzanu akugula tilole tonyamula thonje, inu mwagula chule? Nanga zitseko zinazo anatsala nazo eni ake?"

A Mbewe anangomwetulira, n'kupitiriza kupukuta galasi.

Ine motoka imeneyi ndinaiopa kuyambira ulendo woyamba. Ukakhalamo umakhala ngati wakhala pamphasa, miyendo itatambasuka. Titakwera msewu wa tala wopita ku Katete, malole aakulu ankatidutsa matayala awo ali pamwamba pa mutu wanga. A Mbewe akangoponda pang'ono, msana wanga unkamatirira kumpando. Ndinawauza kuti pobwerera ndikwera minibasi, ndipo ndinakweradi.

Koma vuto lenileni ndi msewu wathu wafumbi. Kuchoka pamudzi kukafika patala pali makilomita khumi ndi awiri, ndipo ngolo za ng'ombe zinakumba ngalande ziwiri, pakati n'kusiya msana wautali. Motoka yotsika ikalowetsa matayala m'ngalandezo, mimba imakhala pamsanapo. A Mbewe anaphunzira kuyendetsa matayala a mbali imodzi ali pamsana, enawo m'mphepete mwa udzu, pang'onopang'ono ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Kumbuyo sikunkasowa khasu ndi matabwa awiri. Ankanena kuti pamsewu umenewu motoka yawo imafuna anthu awiri basi, wachitatu akhale mwana.

Mu Febuluwale chaka chatha, Natasha ali ndi zaka ziwiri, anatentha thupi masiku awiri. Lachitatu m'mawa, ndikumumwetsa phala, anauma khosi, maso n'kutembenuzika, manja n'kuyamba kuphupha. Ndinakuwa. A Rose, amene amayeza malungo m'mudzi mwathu, anathamanga ndi kabokosi kawo. Anamubaya pachala, namuika mankhwala a kumatako.

"Amake Natasha, awa ndi malungo aakulu. Mankhwalawa ndi ongomugwiriza panjira. Musapite kukiliniki, pitani kuchipatala chachikulu ku Katete, ndipo dzuwa lisafike pamutu mukadali kuno."

A Mbewe anabwera akuthamanga kuchokera kuchigayo, ufa uli mbuu m'tsitsi. Mmene ankatulutsa motoka, pakhomo panali patadzaza kale. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Sapita kuchipatala mwini mbumba atatsala, ndiye atsibweni anafika atavala jekete. Amayi nawo anafika ndi zonse zimene wodikirira wodwala amatenga: thumba la ufa, mapoto awiri, chidebe, bulangete, ndi mtolo wa nkhuni. Amayi ndi munthu wathupi, atsibweni ndiye kuposa apo.

Tinavutika ndi kakhalidwe. Amayi sakanakhala kutsogolo pambali pa mkamwini, komanso sakanakhala kumbuyo kwake mawondo awo n'kumagunda msana wake. Choncho tinapinda mpando wakumanzere, ine ndinakwawira kumbuyo ndi mwana, amayi anadzipanikiza pambali panga atawerama mutu, ndipo atsibweni anakhala kutsogolo. Nkhuni ndi ufa zinalowa m'buti, chitseko chake n'kumangidwa ndi chingwe.

A Mbewe anayang'ana matayala akumbuyo. Anali atabisala theka. Anasuzumira pawindo, maso ali pa ine.

"Amake Natasha, auzeni amayi kuti nkhuni tikagula komweko."

"Uwauze amuna ako kuti nkhuni za ku Katete ndi zaziwisi," anayankha amayi akuyang'ana kumbali.

"Motoka yakhala pansi," anatero a Mbewe chapansipansi.

Ndinamva, ndipo ndinadziwa chimene ankatanthauza. Sankanena nkhuni zokha. Koma mkamwini angauze bwanji apongozi ndi mwini mbumba kuti tsalani? Nanga ine, mwana wawo, ndikanayambira pati? Ndinati, "Tiyeni, a Mbewe, nthawi ikutha." Kulakwa kwanga kunali kumeneko.

Tisanathe n'komwe minda ya pamudzi, pansi panayamba kukhula. Mwala uliwonse ndinkaumva m'mapazi. A Mbewe ankatuluka thukuta, akukhotetsa chiwongolero uku ndi uku. Natasha anali lefu pachifuwa panga, wotentha ngati mbatata yongophula kumene, ndipo kumbuyoko kunalibe windo lotsegula. Ndinkaika khutu pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma.

"Pondani mafuta, a Mbewe," anatero atsibweni. "Si paja mumati imathamanga kuposa mphepo?"

Pa dambo la Kamwala, pakati pa ulendo wafumbiwo, mvula ya dzulo lake inali itafewetsa m'mphepete. Matayala anatsetsereka n'kugwera m'ngalande zonse ziwiri. Tinamva kuti gu! Motoka inakhala pamimba. Injini inalira, matayala anazungulira, koma sitinasunthe.

Nthawi yomweyo Natasha anayambanso kuphupha. Thovu linatuluka kukamwa. Ndinafuna kutuluka naye kuti apeze mpweya, koma ndikanatulukira pati? Kutsogolo kwanga mpando, kumbali amayi, pamwamba denga. Ndinamenya galasi ndi chikhatho ndikukuwa kuti nditsegulireni. Anayamba atuluka atsibweni, mwendo umodzi kenako wina, jekete itakola pa giya. Kenako anasakasaka kachitsulo kopindira mpando osakapeza, mpaka a Mbewe anazungulira kudzapinda okha. Kenako amayi, chammbuyo. Mwina zonsezi zinali mphindi ziwiri, koma ine ndinkaona ngati mwana afera m'manja mwanga ndili m'bokosi.

Nditatuluka ndinamugoneka chammbali pachitenje monga a Rose anandiuzira. Kuphupha kunaleka, koma maso sanatsegule. Ndinamuitana dzina, osayankha.

A Mbewe anagona chafufumimba m'matope, nalowetsa dzanja pansi pa injini. Anatulutsa zala, kuziyang'ana, kuzinunkhiza. Zinalibe oilo. Anatenga khasu n'kuyamba kugumula msana wa msewu pansi pa motoka, akukumba atagona chammbali. Anthu atatsika, motoka inali itadzuka yokha pang'ono. Anaika matabwa pansi pa matayala, nabwera pamene ndinagwada.

"Amake Natasha, kutsogoloku kuli malo ena awiri oipa kuposa pano. Chiwaya chosunga oilo chapindika kale. Tikakweranso tonse chibooka, ndipo chikabooka injini yafa. Palibe afike."

"Ndiye titani?"

"Auzeni."

Ndinatembenuka. Amayi anali atanyamula kale chidebe, akupinda chitenje kuti akwerenso. Atsibweni ankapukuta nsapato paudzu.

"Amayi... akuti mwina inu ndi atsibweni mubwere pambuyo."

"Ati chiyani?" anatero atsibweni. "Mwana uyu ndi wa mbumba yanga. Kukachitika kanthu kumeneko, adzabwera kudzatiuza ndani? Mkamwini?"

"Iwe Lillian," anatero amayi, "unayamba wagonapo m'chipatala ndi mwana wokomoka? Udziwa chochita? Uwauze amuna ako ayendetse bwino, asatinamizire ife."

Ndinayamba kulira. Pamenepo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. A Mbewe anayenda mpaka pamaso pa amayi, nagwada m'matope momwemo, naomba m'manja katatu. Anawayang'ana kumaso.

"Amayi, ndikhululukireni, ndalakwa kukulankhulani. Mukakwera, mdzukulu wanu safika ku Katete. Mlandu ndidzaumva pobwera."

Amayi anakoka mpango n'kuphimba nkhope, natembenukira kudambo. Kenako amayi, nkhope ili chophimbira, anapita kumbuyo kwa motoka, namasula chingwe, naponya mtolo wa nkhuni paudzu, thumba la ufa pamwamba pake.

"Achimwene, vulani jekete," anauza atsibweni. "Tikankhe."

Ndinakhala kutsogolo, mwana pamiyendo. Anthu awiri aakulu aja anakankha, matope akuwathira kumaso, ndipo motoka inakwera pamatabwa n'kutuluka. A Mbewe sanaime. Pagalasi ndinaona amayi ataima pakati pa msewu, manja ali pamutu.

Malo awiri oipa aja tinadutsa mimba ikungokhudza pang'ono. Titafika patala a Mbewe anati, "Mangani lamba, mwanayo mumugwire ndi manja awiri. Ngati mukuopa, musayang'ane kutsogolo."

Ndinayang'ana. Sindikanatha kuleka. Injini inasintha kulira, kuchoka pa kubangula kufika pa kulira kosongoka kolowa m'mano. Mitengo inasanduka mzere umodzi. Tinapeza lole yamafuta, a Mbewe anasuzumira kamodzi n'kutulukira kumanja, ndipo kutsogolo kunkabwera basi yaikulu ikuthwanimitsa magetsi. Ndinakuwa kuti Yesu! Tisanakumane nayo tinali tabwerera kale kumbali kwathu, lole ili kutali kumbuyo. Ataona njinga ya makala kutsogolo analiza hutala tikadali patali. Pamene mbuzi zinkadya m'mphepete anachepetsa, napondanso. Milomo yawo inkayenda, ndipo ndinazindikira kuti akupemphera. Ine ndinkaopa ziwiri nthawi imodzi: kuti tifera pamsewu tonse atatu, ndi kuti akachepetsa liwiro mwana afa yekha. Sindinawauze kuti chepetsani, sindinawauzenso kuti thamangani. Dzanja langa linali pamtima pa Natasha, ndikuwerenga kugunda kwake.

Pachipata cha chipatala mlonda anangoona mwana n'kutsegula. Anamwino anamulanda m'manja mwanga, namuthamangitsira mkati. Anamubaya mankhwala pamtsempha, kenako anati magazi achepa kwambiri, amuonjezera. Ndinafunsa ngati achira. Namwino wamkulu anati, "Mayi, tiyeni tione mawa." Ndinakhala pansi pasimenti.

Amayi ndi atsibweni anafika chakumadzulo. Anayenda wapansi mpaka patala, ufa uli pamutu, n'kukwera minibasi. Amayi anasamba m'manja, nakhala mbali ina ya bedi, ine mbali ina. A Mbewe atawaona akulowa anatuluka, nakakhala panja pansi pa mtengo, ndipo kumeneko ndi kumene anakhala masiku onsewo, akubwera pawindo kudzandifunsa ndi maso.

Tsiku loyamba Natasha sanadzuke. Tsiku lachiwiri anaphuphanso kamodzi, pang'ono. Mwana wa pabedi loyandikana nafe, amene anabwera pangolo kuchokera kutali, anamutulutsa atamuphimba, ndipo amake analira mpaka mawu kutha. Ine sindinadye. Amayi ankandikakamiza madzi ngati ndine wodwalayo.

Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera, ndikumupukuta kumaso ndi kansalu konyowa, Natasha anakwinya nkhope n'kukankha dzanja langa. Anatsegula maso, nayang'ana denga, nayang'ana ine, kenako analira kulira kwenikweni kwa mwana wanjala. Namwino anabwera, namuyeza, nati, "Uyu wabwerera. Mupatseni phala pang'onopang'ono."

Amayi anaimirira, mawondo akulira, napita okha pawindo. Sanandituma ine. Anagogoda galasi mpaka a Mbewe anadzuka pansi pa mtengo paja, ndipo anawakodola ndi dzanja kuti alowe adzamuone mwana wawo akudya.