Dzina limene ndinapatsa galu wanga

Sendezani mipando kuno, abale anga, chifukwa za sabata ino sindingazinene mokweza. Ine cholembera sindichidziwa, ndimangoyankhula ena nkumalemba, ndipo lero ndawapempha kuti asakometse kanthu.

Ndimakhala ndekha ku Kapata, kuno ku Boma. Bambo a m'nyumba anatisiya kale, mwana wanga wamwamuna anapita ndi asilikali kunkhondo, wamkazi ali pabanja ku Kasenengwa. Ndimalawira kusanache kukasankha fodya kushedi kwa mzungu, nkubwera dzuwa litapendeka, manja ali bii. Ndikafika pakhomo palibe wondifunsa kuti mwaswera bwanji.

Nchifukwa chake galu wa aTembo, oyendetsa ngolo aja, ataswa, ndinapita kukapempha kamwana kamodzi. ATembo sanafulumire kuvomera. Anandifunsa kuti nanga masana ine ndili kufodya kagaluko kazikhala ndi yani, popeza galu si mtondo woti uusiye pakhonde nkudzaupeza uli pomwepo. Ndinawayankha kuti anansi alipo. Anati chabwino, ndikatenge ndikayese, zikakanika ndikabweze.

Anansi alipo. Pakamwa pangapa!

Mnansi wanga ndi mmodzi yekha, aNaMbewe, mayi wamng'ono woti ndikanatha kumubereka, ndipo ndinali nditasiya kuwapatsa moni. Dzinja lapitali malungo anandigwetsa, ndinagona osadzuka, iwo osaponda pakhomo panga. Zimenezo ndinazipachika mumtima ngati chimanga cha mbewu kudenga.

Tsono mwambo wathu mukuudziwa. Ukakhala ndi mawu amene sungamuuze mnzako pamaso, umawapatsa galu. Kagalu kanga ndinakatcha Sazonda. Ndikaweruka ndinkaima pabwalo, nkhope italoza kwa aNaMbewe, nkumaitana mokweza kuti Sazonda, Sazonda iwe, pamene kagaluko kali pamapazi panga pomwepa kakundinyambita. Ndisaname, ndinkamva kukoma.

M'mawa ndinkakamangirira kumtengo wa mango, nkukaikira madzi m'phale. Pobwera ndinkapeza phale lidakali ndi madzi, kagalu kali pamthunzi, kamimba kali kokhuta. Ndinkadzitama kuti aTembo amangoopa pachabe, galu wanga ngwanzeru, amamwa mosunga.

Lachinayi fodya anauma kwambiri, ukangomugwira nkufumbutuka, ndiye kapitao anatibweza dzuwa lili paliwombo. Nditafika kuseri kwa mpanda wanga ndinamva munthu akuyankhula, ndipo ndinasuzumira. Kagalu kanali katazungulirazungulira mtengo mpaka chingwe kutha, khosi litakanikizika patsinde, lilime lili panja, phale litagudubuzika uko. ANaMbewe anali atagwada, mwana ali kumbuyo, akumasula chingwecho.

"Sazonda, dekha mwanawe. Sazonda, bwera umwe."

Ndi pakamwa pawo, abale. Chitonzo chimene ndinawakonzera ine, iwo akuchitchula monyengerera, chikho cha madzi chili m'manja.

Ndinafuna kubwerera, koma kagaluko kanandinunkhiza nkuyamba kulira. Ndinalowa. Ndinayamba kuchita chibwibwi, kuti dzinalo ndi dzina chabe, ndinangolitola panjira. Iwo sanaseke ndipo sanakwiye.

"Amama, dzinalo ndinalimva tsiku loyamba, ndipo mwini wake ndinamudziwa. Koma galuyu sadziwa kanthu. Chimene akudziwa ndi ludzu."

Nditakhala pansi ndi pamene ndinafunsa funso limene ndikanafunsa dzinja lomwelo. Anandiuza kuti masiku amene ine ndinkadwala, amuna awo anali atatengedwa kukagwira chibalo, mwana ali ndi chikuku, iwo ali okha m'nyumba. Ine nditachira ndinadutsa pakhomo pawo khosi lili gwa. Sindinafunse. Tsono Sazonda weniweni ndi uti?

Zandiganizitsa. Masiku ano tachuluka ife okhala tokhatokha kuno ku Boma, aliyense ndi kanchito kake, ndipo ambiri mukufuna galu. Sindikukuletsani. Nyumba ya zii imadya munthu. Koma timaiwala kuti kumudzi galu sanali wa munthu mmodzi. Pabwalo pankakhala wina akusinja, wina akusenda nyemba, ana akutaya makoko a mbatata, ndipo galu ankakulira pakati pawo. Kuno belu likalira timatseka chitseko nkupita.

Ndiye munthu wa pantchito akatenga galu, amene walandira ntchito ndi mnansi. Woyamba kumupempha si mwini wa tiana tagalu ayi, ndi wa kuseri kwa mpanda. Ngati simupatsana moni, galuyo musiyeni kwa make.

Nanga mainawa? Popita kufodya ndimawamva anthu akuitana agalu awo: Amandida, Adzatopa, Nkhanizawo. Kale ndinkaseka, nkumati mayi uyo ali ndi pakamwa. Lero ndikamva ndimafuna kudziwa kuti masana amene amathira madzi m'phalemo ndani.

Loweruka ndinanyamula kagalu kuti ndikabweze. ATembo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira ng'ombe panyanga kuti asagwe, nkundikumbutsa kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Kenako anati iwo sangalandire galu amene ali ndi eni ake awiri, wina asanamve. Ndinabwerera nako, nkukagwada pakhonde pa aNaMbewe, ine ndi imvi zangazi, kupempha chimene ndinkayenera kupempha poyamba. Anavomera. Anati mwana wawo wakazolowera, ndipo chingwe ndichitaye.

Zathera pamenepo. ATembo akuti tiana totsalato satipereka kwa munthu asanaone mnansi wake ndi maso. ANaMbewe amakhala ndi galu masana, ine madzulo, ndipo kondowole wanga tsopano amafika kwawo. Amuna awo sanabwerebe.

Galuyo ndinayesa kumusintha dzina, ndinamutcha Mtendere. Satembenuka nkomwe. ANaMbewe amamuitana ndi dzina lakale lomwe lija, iye nkuthamanga mchira uli m'mwamba. Ine lilime limakana. Ndimangoyesa kuimba mluzu, ndipo mukudziwa mmene umamvekera mluzu wa munthu wopanda mano akutsogolo.

Inu, galu wanu mukamuitana, amene mumafuna kuti amve ndani?