Mkono wa Rozinya Sufika pa Khutu

Lolemba lapitali tinali kulemba ana a kalasi yoyamba pa sikola yathu kuno ku Tsangano. Ine mphunzitsi, kapena kuti pulofesoli monga amatitchulira kuno, ntchito yanga inali yogwira lapisi n'kulemba mayina. Yoweruza inali ya adiretoli, akulu a sikolayi.

Mukudziwa mmene tikuchitira masiku ano. Mapepala a ubatizo anapsa pamodzi ndi nyumba pa nkhondoyi, ndipo mayi amene wathawa ku Ntengo-Wambalame atasenza mphika ndi mphasa sungamufunse kalata ya tsiku limene mwana anabadwa. Ndiye tinabwerera ku muyeso wakale uja. Mwana adutsitse mkono pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Akagwira walowa. Akalephera akayambe wakula.

Mzere unkayenda bwino mpaka anafika Rozinya.

Rozinya ndi mwana wa mayi Nangozo, aja amagulitsa kachewere pamsika. Anabadwa ndi mikono yaifupi, anachedwa kulankhula, ndipo chilichonse amaphunzira pang'onopang'ono. Koma akakumwetulira umaiwala kuti sunadye. Aka kanali kachitatu kuima pa mzerewu.

Anaponya mkono pamutu, zala zinathera panjira. Anapendeketsa khosi, anatulutsa lilime, ananyang'ama ngati kuti khutulo lili padenga. Ayi ndithu.

"Chaka chamawa, mayi," anatero adiretoli.

"Kamarada diretoli," anayankha mayi Nangozo powatchula mwaulemu wa kuno, "mlongo wake wamng'ono munamulemba chaka chatha. Uyu mano anaguluka, ena anamera. Kodi mukudikira imvi?"

"Lamulo ndi lamulo. Ndikalola mmodzi, mawa mundibweretsera oyamwa."

Apo Rozinya anadutsitsa dzanja pansi pa chibwano, n'kugwira khutu bwinobwino, n'kuwayang'ana adiretoli mokondwa.

"Osati choncho, mwanawe. Pamwamba."

"Tandionetseni," anatero Rozinya.

Adiretoli athu ndi munthu wabwino. Kungoti khosi ndi lalikulu, phewa lili ndi nyamakazi, ndipo jekete lawo anasoketsa nkhondo isanayambe. Anaimirira molemekezeka, anakweza mkono. Unafika paliwombo n'kuima. Anaukankha. Jekete linangoti kwee m'khwapa, khutu likadali kutali.

"Ndiye nawonso abwere chaka chamawa?" anafunsa mayi wina kumbuyo kwa mzere.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Adiretoli anayesa kukwiya, zinawakanika, anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anatembenukira kwa ine atapana khwapa. "Pulofesoli, mulembeni. Koma akhala m'kalasi mwanu."

Ndinamulemba.

Tsono anzanga, muyeso umenewu umayesa chiyani? Umayesa mkono basi. Sutiuza ngati mwana akufuna kudziwa, kapena ngati angakhale pakati pa anzake n'kumvera nyimbo. Ndipo muyeso wa khutu si wokhawo. Tili nayo miyeso yambiri imene sitiitchula. Wosamva timati adzamva chiyani. Wachibwibwi timati anzake adzamuseka. Wakhunyu timati adzaopseza ena. Onsewa timawasiya kunyumba akuingitsa nkhuku pa chimanga choyanika, n'kumati, "Ameneyu sikola si yake."

Koma mfuti zikalira kuseri kwa phiri, ndani anamufunsapo mwana kuti ayambe wagwira khutu? Timamubereka, timathawa naye, timamutseka pakamwa m'tchire kuti asalire. Pothawa ndi wathu. Nanga bwanji pakhomo la sikola pokha timamuona ngati wosakwanira?

Zimenezi si nzeru zanga. Mkazi wanga Felisita ndiye ankazidziwa. Tinakumana ku sikola ya uphunzitsi ku Tete, ine ndikuthamangira masamu a ana akuluakulu, iye akusankha tiana tosadziwa ngakhale kupenga mamina. Ndinkamuseka kuti anapita kutali kukaphunzira kulera. Iye ankangoti mmera mpoyamba, ndipo mmera wofooka ndi umene umafuna mlimi wophunzira kwambiri. Ankafuna kupitiriza maphunziro ku Maputo, kuti adzaphunzitse aphunzitsi za ana aang'ono ndi ana ochedwa kuphunzira. Anamwalira pa msewu wa ku Ulongwe mvula yapitayi. Kalasi yake ndinaipempha, mabuku ake ndikuwerenga, ndipo msewu ukatseguka ndikapempha malo ku maphunziro amene iye ankafuna. Za iye ndilekeze pamenepa.

Musaganize kuti zonse zangoyenda myaa. Rozinya sanalembebe chilembo ngakhale chimodzi. Lapisi amaligwira ngati mpini. Tikamawerengera ndi nyemba, iye zina amaponya mkamwa. Ndamukhazika kutsogolo, ndimanena chinthu chimodzi n'kudikira, monga mabuku a Felisita akunenera, ndipo kudikirako n'kovuta kuposa masamu onse amene ndinaphunzira. Komabe pofika Lachinayi anali atadziwa mayina a anzake ambiri, ndipo m'mawa ndi amene amandiuza kuti uje sanabwere.

Lachisanu ndikuwerama kuti ndimuongole zala, anatambasula kamkono kaja, nandigwira khutu.

"Ili ndafikira," anatero.

Jekete la adiretoli lili kwa telala. Rozinya ali m'kalasi. Nanga kwanuko, ndi mwana uti amene akuingitsabe nkhuku, kudikira kuti mkono utalike?