Galimoto ya M'chisakasa Ipita ku Chifunda

Tinanyamuka ku Kambombo nkhuku zitangotsika, mwezi wa Okotobala ukupita kumapeto, m'zaka zija za Chitaganya. Dzulo lake kunafika munthu wa panjinga kuchokera ku Chifunda, fumbi mpaka m'nsidze, kudzatiuza kuti mwana wathu Esinati masiku ake akwana, akufuna mayi ake. Inali mimba yake yoyamba. Ine yanga yoyamba ndinachirira pakati pa anthu achilendo ku migodi, amama ali kutali, ndipo mwanayo sindinamuyamwitse ngakhale sabata. Nchifukwa chake tsiku limene Esinati ankapita ku ukwati ndinamugwira dzanja n'kumulonjeza kuti kaya kugwe chiyani, tsiku lakelo ndidzakhala kumutu kwake. Vuto linali mvula. Kwathu kuchigwa ikangogwa yamphamvu, msewu wa ku Chifunda umasanduka phala, mitsinje n'kudzaza, ndiye kwatha mpaka masika. Wapansi ndi ulendo wa masiku angapo, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha kumapiri.

Choncho ndinauza amuna anga, a Goma, kuti atulutse galimoto. Anandiyang'ana ngati ndawapempha diso.

Galimoto imeneyi anaigula ndi thukuta lawo la ku migodi, kwa mzungu wina wa zaulimi ku Lundazi amene ankabwerera kwawo. Inali yakale ndithu, ya nkhondo yaikulu ija isanayambe, koma mzunguyo ankangopita nayo kutchalitchi basi. A Goma anaimangira chisakasa chokongola kuposa nyumba imene tinkagonamo. Loweruka lililonse ankaisambitsa, n'kuipukuta ndi chitenje changa chakale, nkhuku ikangoyandikira inkaona zakuda. Kutuluka inkatuluka pa Khirisimasi, kuzungulira mudzi ana akuthamanga pambuyo, kenako n'kubwerera m'chisakasa. Mlendo aliyense ankamutengera kumeneko kukamuonetsa kawotchi kowerenga mamailosi, n'kumuuza kuti galimoto imakalamba ndi msewu, yawoyi sinayende, ndiye ikadali namwali.

Pogulitsa, mzungu uja anawapatsanso zosinthira zatsopano: lamba wa fani, mapaipi a mphira ndi chubu. A Goma anazikulunga m'chiguduli n'kuzipachika kutsindwi kwa khitchini, pamwamba penipeni pa moto, pafupi ndi chimanga cha mbewu. Ati utsi ukamateteza mbewu kwa anankafumbwe, ungalephere bwanji kuteteza mphira ku chiswe? Inenso ndinaona kuti ndi nzeru, ndipo pakolezedwa moto ndinkawonjezerako nkhuni zaziwisi kuti utsi uchuluke.

M'mawa umenewo tinakangana chifukwa cha makina anga osokera, opalasa ndi mwendo aja. Ndinati sindingawasiye, popeza mvula ikatitsekera ku Chifunda ndikasokera mdzukulu tizovala, ndi kupezako ya mchere. A Goma anati chitsulo chimenecho chikanda penti ya galimoto yawo, komanso makina ogwira ntchito tsiku ndi tsiku ngati amenewo ndi nkhalamba yotheratu. Ndinawayankha kuti ngati makina atsala, ine ndiwasenza pamutu, ndipo mudzi wonse uone mwini galimoto akuyendetsa mkazi wake pansi. Makinawo anakwera, atakulungidwa m'mphasa kumpando wakumbuyo, pamodzi ndi thumba la mpunga, zigubu za madzi ndi phukusi la mwaye lija.

Batire inali itafa kalekale. A Goma anazunguza hendulo mpaka malaya ananyowa, kenako amuna a m'mudzi anaikankha kutsetserekera kudambo. Inatsokomola, n'kuyetsemula utsi wakuda, n'kulira. Amayi analulutira, ndipo ine ndinakhala kutsogolo nditawongola khosi ngati mkazi wa bwanamkubwa.

Matamawo sanapite patali. Dzuwa litangoyamba kuluma, tikuona kale madenga a malata a ku Chama, tinamva phuu! Galimoto inapendekeka n'kukalowa m'tchire. A Goma anatsika, nazungulira tayala lophulikalo, akudandaula kuti zinyalo zake, mizere ya pamwamba ija, zinali zonse, sizinadyeke n'komwe. Zoonadi pamwamba linali ngati latsopano, koma m'mbali monse linali ming'alu yokhayokha ngati chidendene cha m'chilimwe. Tinaika lapadera, nalo linali lofooka, ndiye tinalowa m'Chama mwakachetechete, popanda kuliza huta.

Kuseri kwa sitolo tinapezako dalaivala wa lole yobweretsa katundu kuchokera ku Lundazi, munthu wonenepa, woseka asanayambe kulankhula. Pamene ine ndinkagula zitumbuwa za tiki ndi thobwa, iye anatithandiza kumata chubu, natigulitsa tayala lakale ndi debe la petulo. Kenako anatsegula boneti, nagwira lamba wa fani ndi zala ziwiri, n'kuyamba kuseka. A Goma anamukokera kukawotchi kaja kuti aone yekha kuti galimotoyo sinayende.

"Adada, kawotchiko kamawerenga msewu, sikawerenga zaka," anatero dalaivala uja. "Chitsulo chimadikira, koma mphira sudikira munthu. Ngati muli ndi lamba wina, muikeni manje muli pamthunzi."

A Goma anati lamba watsopano ali naye, koma munthu savala malaya atsopano akale asanang'ambike. Ndinawatsina pankono, iwo anangondichotsa dzanja. Dalaivala anandiyang'ana mwachisoni n'kundifunira ulendo wabwino, akupukusa mutu.

Kuchoka pa Chama msewu unali mizere iwiri yokha pakati pa mitengo ya tsanya, masamba onse atayoyoka, popanda ndi mthunzi womwe. Kunja kunkatentha ngati m'ng'anjo. Ukatsegula windo, akashembe amalowa n'kukuluma ndi m'chitenje momwe, ukatseka umaphikika. Tinkayenda ndikukupiza ndi nthambi, ndipo nthawi zina ndinkaphonya kashembe n'kumenya a Goma pakhosi, mwangozi ndithu.

Dzuwa lili paliwombo tinafika kwa Tembwe. Kumeneko anatiimitsa bambo wina wamng'ono thupi, a Lungu, msodzi, atasenza mtanga wa nsomba zouma, naye akupita ku Chifunda. Anatulutsa sheleni, koma a Goma anakana, ati galimoto yawo si basi. Ine ndinati ngati ndi choncho alipire nsomba, popeza mayi wochira amafuna msuzi. Tinagwirizana milamba isanu, ndipo a Lungu anadzipanikiza pambali pa makina anga, mtanga uli pamiyendo. Anali asanakwerepo galimoto chibadwire. Pakona iliyonse ankapendekeka ngati ali m'bwato, ndipo tikadutsa munthu wapansi ankatulutsa mutu kuti awaone bwino. Fungo la nsomba linadzaza m'galimoto ya namwali ija, a Goma n'kumangopumira pakamwa.

Pa mtsinje wina wa mchenga tinapeza njovu zikukumba madzi pakati penipeni pa njira. Tinazimitsa injini n'kudikira. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuyang'ana mitambo imene tsopano inali itada bii kumbuyo kwathu, koma njovu sizidziwa za mimba ya mwana wa munthu. Zinamwa, zinasamba, zinadzithira fumbi, kenako zinachoka pang'onopang'ono. Podutsa pamchengapo tinayala nthambi, ine ndi a Lungu tikukankha, a Goma ali pachiwongolero akutilamula ngati kapitawo.

Titadutsa kwa Chikwa, dzuwa litapendeka, ndinamva kanthu kakuti thwa! pansi pa boneti, ngati mkwapulo. Tisanayende patali nthunzi inayamba kufuka, madzi akubwadamuka, ndipo galimoto inaima pakati pa thengo. Lamba wa fani anali ataduka, zidutswa zake zikulendewera.

A Goma sanataye mtima. Anamwetulira, natiuza kuti manje tiona ubwino wa munthu wosunga zinthu. Anatulutsa phukusi lija, nakutumula mwaye, nalimasula mwaulemu. Lamba watsopanoyo anali wakuda, wouma gwa. Atati amuwongole kuti amukoleke, anathyoka pawiri m'manja mwawo. Anatola paipi, nayo inatekedzeka, chubu nacho chinali chitamatana. A Lungu anatola kachidutswa, nakanunkhiza, n'kunena mwaulemu kuti amene anawamba zimenezi amaidziwa ntchito, chifukwa ngakhale milamba yawo siuma chotero.

Ndikanaseka, koma nthawi yomweyo bingu linagunda kumapiri ndipo kamphepo kozizira kanadutsa, konunkhira dothi lonyowa. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo n'kuyamba kulira. Ndinkaona Esinati akuyang'ana kukhomo nthawi iliyonse likatseguka, monga ndinkachitira ine ku migodi kuja. A Goma anayesa luzi, linaduka injini itangolira. Anayesa lamba wa buluku lawo, anali wamfupi ndiponso wotambalala. Kenako anatembenukira kwa ine, manja ali lende.

"NyaZimba," anatero motsitsa mawu, "ndakulakwira. Ndakulakwirani nonse awiri, iwe ndi Esinati."

Ndikupukuta misozi maso anga anagwera pa mphasa ija kumpando wakumbuyo. Makina opalasa amayenda ndi lamba wachikopa, wobulungira, wautali. Wangayo ndinali nditangomusintha m'masika, chifukwa ine sindidikira kuti aduke ndili pakati pa diresi la mwini. Ndikangoona wayamba kuuma ndimaitanitsa wina. Ndinadziwa kuti ndikamudula, makinawo akhala chete dzinja lonse. Sindinaganize kawiri. Ndinamumasula, ndinamuyeza pa mawilo a injini monga ndimayezera chiuno cha munthu, ndinamudula ndi sizasi, a Lungu anaboola ndi mbedza, ndipo tinalumikiza ndi kawaya kake komweko. Podikira kuti injini izizire ndinafunsa a Goma ngati nkhalamba yanga yotheratu ija ikadali kukanda penti yawo. Iwo anangothira madzi mu injini.

Hendulo kamodzi, kawiri, injini inalira, fani n'kuyamba kuzungulira. A Lungu anavina pang'ono pamsewu, mtanga uli pamutu. Kuchokera pamenepo tinayenda ngati tanyamula mazira. Chikopa chikatentha chimatamuka, ndiye tinkaima, kudulako pang'ono, kulumikizanso, kuthira madzi, n'kupitirira. Mvula inali kutilondola pambuyo, tikuiona ikuyera m'mitengo. Pa mtsinje womaliza madontho oyamba anatimenya tikukankha, ndipo titangokwera kutsidya, timadzi tofiira tinali titayamba kale kukwawa pamchenga.

Tinalowa m'mudzi wa apongozi a Esinati dzuwa lisanalowe, tili chinyowere, matope mpaka m'mawondo. Ana amene anathamangira galimoto sindinawaone n'komwe. Ndinaona amayi atakhala pakhonde la nyumba ina, amuna onse atathamangitsidwira kutali, ndipo ndinadziwa kuti matenda ayamba. Ndinatsika galimoto isanaime. Asewele anga, apongozi ake a Esinati, anandigwira dzanja n'kundikokera m'kati, akunena kuti mwanayo wakhala akunditchula kuyambira m'mawa.

Ndinagwada kumutu kwake n'kumuika pamiyendo panga. Anatsegula maso.

"Amama, mwafika? Mwabwera pa chiyani?"

"Pa galimoto ya adada ako."

"Imayenda?"

Anaseka ali pakati pa ululu, azamba nawo anaseka, ine ndikuseka ndi misozi. Mdzukulu wanga anabadwa mvula ikuwomba padenga, mtsikana wa mawu akulu, ndipo dzanja la mayi ake linali m'dzanja langa mpaka pomaliza.

Msewu unatsekeka tsiku lomwelo. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa bwemba mpaka masika, nkhuku za ku Chifunda zikuikira mazira pampando popanda woziletsa. Tizovala ta mwana ndinasokabe, a Goma atakhala pambali panga akuzunguza wilo la makina ndi dzanja, amayi a m'mudzimo akubwera kudzaonerera. Munthu woyamba amene anapita ku Lundazi wapansi, a Goma anamutuma lamba wa makina anga, kenako chilichonse cha mphira cha m'galimotomo, chowoneka chabwino ndi choipa chomwe. Kuyambira pamenepo ankasintha zinthu powerenga madzinja, kawotchi kaja osakayang'ananso, ndipo kutsindwi kwa khitchini kunatsala chimanga chokha. Ndinaphunzira pa ulendo umenewu kuti chinthu ukachisunga osachigwiritsa ntchito, zaka zimachidyabe, kungoti sizikuuza.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, a Goma anagwada kuti alandire mdzukulu wawo, ndipo mawondo awo analira kuti kwetche, bwalo lonse n'kumva. Ndinawauza kuti amenewonso sanayende kwambiri, koma aone okha. Ndinkayembekeza kuti anditsutsa monga mwa masiku onse. Iwo anangoyang'ana kamwanako nthawi yaitali, kakuwagwira chala.

"Ndiye tisadikire kuti aduke," anatero. "Chaka chilichonse, mvula ikangotha, tizibwera kuno."