Zodya Kapena Zobzala?

"Sodya iyayi, mwanangu, sobyala!"

Mukamva mawu amenewa pamsika wa Namwera, dziwani kuti Abiti Jaffalie angodutsa kumene. Azimayi a tomato amawanena chapansipansi, a kabaza amawanena atapinda msana. Koma katswiri wake ndi Che Ayub, mlamu wawo, amene amasoka nsapato pakhonde la golosale. Iwowo amakweza chibwano chonchi, maso n'kutsinzina, mawu n'kumanjenjemera ngati wailesi yotha mabatire. Kunena zoona, Abiti salankhula choncho. Lilime lawo lachiyao limatembenuzadi z kukhala s apo ndi apo, koma zinazo n'zokometsera za Che Ayub.

Dzina lawo ndi Hidaya, ngakhale palibe amene amalitchula. Amagulitsa usipa wouma wochokera ku Malindi, ndipo sakonda zolankhulalankhula. Anabadwira tsidya linalo, ku Mozambiki, kupitirira Mandimba. Nthawi ya nkhondo ija anathawa ali ndi khanda kumbuyo, masiku atatu akudzera m'tchire. Atafika kuno n'kumasula nsalu, anapeza mwanayo atazizira kale. Anamuika anthu achilendo, m'dziko lachilendo. Bambo wa mwanayo sanawatsatire. Patapita zaka anakwatiwa ndi malemu Che Atumani, mkulu wawo wa Che Ayub, n'kubereka ena anayi. Koma za woyamba uja palibe anawamvapo akunena.

Tsono nkhani yake ndi ya nzama.

Kwawoko nzama sabzala aliyense. Amati amabzala mayi amene anaikapo mwana m'manda, wina akayerekeza aitana tsoka. Amayi awo a Hidaya anali ndi mtundu wawowawo wa nzama, zakuda bii, iliyonse ndi kadiso koyera. Analinso ndi lamulo lawo. Mbewu ankaisunga m'chikho kudenga, ndipo ngakhale njala ivute bwanji, panalibe wololedwa kuloza chikhocho n'kunena kuti muli chakudya. Ankati nzama zimamva. Ukazitchula kuti zodya zimataya mtima, ukazibzala zimangowolera m'nthaka.

Amayiwo atamwalira, mbewu inatsala ndi Zena, mkulu wawo wa Hidaya, amene sanathawe. Nkhondo itatha Hidaya ankapita kukacheza, ndipo ulendo uliwonse Zena ankatsitsa chikho chija.

"Tapako pang'ono ukabzale kwanuko. Iwenso ndiwe woyenera."

Hidaya ankangopukusa mutu. Kugwira khasu n'kubzala nzama kunali ngati kuuza mudzi wonse kuti mwana uja anapitadi. Anakana zaka zoposa makumi atatu.

Chaka chadzana Zena anamwalira. Pa arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ija, anthu atadya n'kubalalika, ana aakazi a malemuwo anaitanira Hidaya kuseri kwa nyumba. Anawapatsa kampango komanga mfundo.

"Amayi aang'ono, tengani. Ife ana athu onse alipo, sitingayerekeze. Zatsala ndi zomwezi, ndipo anankafumbwe ayamba kale kuboola."

Hidaya anakayeza m'manja. Zinali zodzaza manja awiri basi. Unali Disembala, mvula itagwa kale. Chaka chimenecho chikanadutsa osabzala, mtundu wa nzama za amayi awo ukanathera pomwepo. Ulendo uno sanapukuse mutu.

Panjira yobwerera aliyense anasanduka mphunzitsi. Wa kabaza amene anawanyamula anawalangiza mtunda wonse, akupalasa uku akupuma mwabefu.

"Amayi, paboda akakufunsani, inu mungoti zodya. Musachulutse. Zo-dya. Tinyemba tochepa tokadya kunyumba sakanganira munthu. Tanenani ndimve."

Hidaya anangofumbata kampango kaja.

Pachipata cholowera ku Malawi, patebulo la a zaulimi, panali Celestina, mayi wodekha amene amagula usipa kwa iwo Loweruka lililonse. Kutsogolo kwa Hidaya kunali bambo wina akukangana za nkhuku zake zitatu zopanda pepala la dokotala wa ziweto, kumbuyo kwawo azimayi a mitolo ya zitenje. Itafika nthawi yawo, Celestina anawalonjera bwinobwino, n'kumasula mfundo ija, n'kuyala kampangoko patebulo.

"Amayi, izi ndi zodya kapena zobzala?"

Hidaya anayang'ana pansi. Nzama zinali gwaa patebulopo, ndipo timaso toyera tija tonse tinali ngati tikuyang'ana iwo. Mawu a wa kabaza aja anafika mpaka pamlomo. Mawu amodzi okha, munthu n'kudutsa, madzulo ali kwawo. Koma zikanamva. Akanafika nazo ku Namwera zitataya kale mtima.

"Zodya iyayi, mwanangu. Zobzala."

Kumbuyo kuja wina anati, "Hiii!" Wina anaseka mpaka kugwira chipupa.

Celestina sanaseke. Anawafotokozera pang'onopang'ono kuti mbewu imatha kunyamula matenda ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, n'kukawononga minda ya mudzi wonse. Chobzala chilichonse chimafuna chilolezo cha kuno, chotengeratu munthu asananyamuke, komanso pepala la tsidya linalo lonena kuti achipima, chilibe matenda. Popanda zimenezo pali njira ziwiri basi: kuzisiya pomwepo kuti zikawotchedwe, kapena kubwerera nazo.

"Nanga mapepalawo atenga masiku angati?"

"Sindikunamizani, amayi. Mvula ya chaka chino siingakudikireni."

Hidaya anamanganso mfundo ija. Atatuluka panja, mmodzi wa azimayi a zitenje aja anawatsatira n'kuwakoka nsalu.

"Inunso agogo, mwadzipachika nokha. Basi bwererani pang'ono, mukhotere kumanzere pamtengo wa mango paja. Pali kanjira ka m'tchire, kamakatulukira kuseri kwa msika. Palibe angakufunseni."

Hidaya anakayang'ana kanjirako kwa nthawi yaitali. Ankakadziwa bwino kuposa mayiyo.

"Njira imeneyo ndinadutsapo kamodzi," anatero. "Chomwe ndinanyamula sichinafike chamoyo."

Mayi wa zitenje uja sanamvetse, anangosiya nsaluyo.

Hidaya anabwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo, mpaka kumudzi kwa malemu Zena. Ana aja atawaona akulowa ndi kampango komweko anaganiza kuti aiwala kanthu. Iwo anangopempha khasu. M'mawa mwake, atatha kuswali, pemphero la m'mbandakucha lija, anapita okha kumunda wa mkulu wawo, pakachigawo kamchenga komwe Zena ankabzala chaka ndi chaka. Anakumba phando loyamba, n'kuponya nzama imodzi. Mwana wamkulu wa Zena, amene anawabweretsera madzi, akuti anawamva akutchula dzina, "Awa," kenako n'kukwirira ndi phazi. Phando lachiwiri, "Awa." Mpaka kampango kanatha. Aka kanali koyamba achibale kudziwa kuti khanda lija linali ndi dzina.

Zinamera. Osati zonse, zobooka zija zinakana, koma zinamera.

Kuyambira pamenepo moyo wa Abiti Jaffalie uli mbali ziwiri. Nyumba, adzukulu ndi usipa zili ku Namwera, nzama zili ku Mozambiki. Amadinditsa kapepala kodutsira paboda n'kupita kukapalira, kubwereranso kukakwezera dothi, kubwereranso kukakumba. Mawondo akuwavuta masiku ano, pokwera njinga amachita kuwagwira. Mwana wawo wa ku Blantyre akuti ayendetsa mapepala kuti mbewuyo idzalowe mwalamulo, koma nthawi zonse amati mwezi wamawa. Iwo samukakamiza.

Akakolola, asanatsegule pakamwa kunena chilichonse, amayamba apatula zonenepa n'kuziika m'chikho chija, n'kuchikweza kudenga kwa Zena. Zotsalazo ndiye amathira m'kabeseni n'kubwera nazo. Pachipata Celestina amavundukula, n'kufunsa funso lomwe lija, nkhope ili phee ngati sakuwadziwa. Ndipo iwo amayankha mokweza, kuti nazonso zimve.

"Izi zokha zodya."

Mwezi wathawu anaphika zina ndi mchere n'kupatsirako Che Ayub m'kambale. Mlamu wawoyo anaika pansi nsapato imene ankasoka, n'kuyamba kuponya mkamwa imodziimodzi. Anayamba ndi kaseweredwe kawo kaja, chibwano m'mwamba, "Sodya iyayi," a kabaza n'kumafa nazo. Abiti anangoima, akudikira mbale yawo.

"Koma alamu, inu ndinu ovuta," anatero Che Ayub akunyambita zala. "Ulendo wonse uja, ndi mawondo amenewo? Zosaphika zilipo kunyumba, ndaziona m'kabeseni. Bwanji osangotapa khumi n'kuponya kuseri kwa bafa? Kodi Celestina amabwera kudzasuzumira kubafa kwanu?"

A kabaza anasekanso. Abiti analandira mbale yawo, n'kuipukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Celestina alibe nazo kanthu, alamu. Ndinazitchula kale zodya pachipata paja, zili pomwepo zikumva. Ngakhale muzithirire ndi tiyi, sizingamere."