Dzanja la amai pansi pa chitenje

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malungo anagwetsa amai, ndipo tinachoka nawo ku Luembe kupita kuchipatala. Atate anatsala kumunda, poti mvula inali itayamba. Wodwazika anali azakhali, koma iwo amatha tsiku lonse kumoto, kuphika ndi kuchapa, choncho pambali pa bedi ndimakhalapo ndine.

Anesi, mai wamfupi woyankhula mothamanga, analowetsa kanula, kapaipi kopita mumtsempha, pamsana pa dzanja lamanja la amai n'kupachika dilipi ya kwinini. Kenaka anandiloza.

"Iwe mtsikana, mankhwala aya ndi aukali, amaocha mtsempha. Ukaona pafiila, patupa, kapena amai ako akuti pakuwawa, undiitane msanga. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinanyada ngati andipatsa udindo wa chipatala chonse.

Masana amai anayamba kuluma mano. Pozungulila kanula panafiila, ndipo nditakhudza panali potentha ngati mbaula. Ndinaimilila kuti ndithamange, koma amai anandikoka dilesi.

"Khala pansi! Mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwila nchito. Ufuna atichotsele tisanachile?"

Mai wina amene amadwazika mwana wake pabedi loyandikana anavomeleza, akuti kwao ku Nyampande jekeseni wosawawa amamuyesa madzi. Amai anafunda dzanja lija ndi chitenje, nkhani n'kuthela pomwepo.

Mutu wanga unazungulila. Anesi ndi akulu, amai ndi akulu, nanga ine ndimvele uti? Kwathu mwana satsutsa make pamaso pa alendo. Komanso zimene amai ananena zinali zomveka ndithu, chifukwa ngakhale muwawani wa kumudzi umachiza uli wowawa. Anesi anadutsa kawili, wodi ili yodzaza mpaka pansi, akufunsa chapatali kuti, "Muli bwanji uko?" Amai amayankha kuti bwino. Ine ndimangoyang'ana zala zanga za kumapazi.

M'mawa mwake anesi anabwela ndi botolo lina n'kuvundukula chitenje. Mayo ine! Dzanja linali litatupa mpaka zala osapindika, mzele wofiila utakwela kufika pachigongono, mtsempha uli gwa ngati chingwe cha njinga.

"Iwe, sindinakuuze?"

Ndinayang'ana amai kuti andiyankhile. Iwo anatembenukila kukhoma.

Anesi anazula kanulayo, anaika ina kudzanja lamanzele, dzanja lotupalo n'kulisanjika pa pilo ndi nsalu yofunda. Malungo anatha, koma pamalo paja panachita mafinya, mpaka achipatala anachita kung'amba. Chaka chimenecho amai sanagwile khasu. Munda wao wa nshawa unamela udzu, ife tikuona.

Tsiku lina ndikuwamanga chitenje m'chiuno, poti okha samatha, anati, "Ukanawaitana anesi aja."

Misozi inatuluka ndi mkwiyo. "Si ndinu munandiletsa?"

"Ine ndinali kudwala," anatelo mofatsa. "Wabwinobwino unali iwe."

Ndinakwiya nawo masiku ambili, chifukwa ndinali nditamvela koma mlandu unagwela ine. Lelo ndili ndi ana anga, ndipo ndadwazikapo anthu angapo. Ndikuona tsopano kuti amai amaopa kuchotseledwa mankhwala kuposa ululu, ndipo wodwala akamaopa amalamula zolakwika. Pambali pa bedi sanandiikepo kuti ndiwamvele, anandiikapo kuti ndiwaonele. Zala ziwili za amai sizinapindikenso mpaka anamwalila.